Mluzu wa Pakhonde Panu

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuzunzani pantchito yoima tsiku lonse m'chipatalayo. Kuno tadzuka. Musadabwe kuona kalata ya papepala ngati tabwerera m'masiku a sukulu. Foni ya m'nyumba muno mukuidziwa, imagona m'thumba la malaya a Bambo, ndipo uthenga uliwonse wochokera kwa inu amaumvera mpaka batire kutha. Zimene ndikulembazi anandiletsa kukuuzani. Ndinavomera, koma inunso mukudziwa kuti dzina la Kamlomo simunandipatse pachabe.

Nazale yatsekedwa, Achemwali. Pageti pomwe Amayi ankapachika mabasiketi a maluwa pano pali riboni yofiira ndi chikwangwani choletsa kutulutsa chomera chilichonse, ngakhale dothi la kunsi kwa nsapato. Chiphaso chogulitsira mbande atilanda. Malo amene anatilera tonse awiri, amene anakutumizani inu kusukulu ya unamwino, afa chifukwa cha kanthu kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ndifotokoza mwatsatanetsatane, chifukwa ndikadumpha mudzati ndathira mchere ngati mwa masiku onse.

Mvula yoyamba Amayi atatisiya, kumbali ya mthunzi kuja, kumene timaika zomera zokonda chinyontho, kunayamba kumveka kamluzu dzuwa likapendeka. Sikunali kulira kwa achule a m'ngalande amene tinakula nawo aja, ongobuula ngati munthu amene wakhuta mowa. Aka kanali kamluzu koyera, kogunda kawiri, koyamba pansi kachiwiri m'mwamba: tyo-wii, tyo-wii. Ine ndinkati ndi mbalame. Bambo anakatsata pang'onopang'ono pakati pa mabenchi mpaka anakapeza katakhala phee m'kati mwa duwa lija la masamba onga a chinanazi, losunga madzi pakati, lomwe m'nyumba muno timangoti chinanazi cha Amayi. Kanali kachule kofiirira ngati dothi louma, maso agolide, ndipo kunsonga kwa chala chilichonse kunali kabatani komatira, kotero kuti kankakwera tsamba loterera ngati kakuyenda pansi. Ine ndinati ndi chiswenene, kachule ka m'mitengo kamene timakadziwa tonse. Bambo anapukusa mutu n'kuti, "Ziswenene ndakalamba nazo. Aka ndi kena."

Kuyambira pamenepo munthu wamkulu anasintha. Analetsa kupopera mankhwala kumbali ya mthunzi, ndiye nsabwe za m'masamba ndinkazipukuta ine ndi kansanza ka sopo, tsamba limodzilimodzi, msana uli wawawa. Mphaka wathu anamupereka kwa achimwene owotcherera zitseko a pafupi aja, ati ankayang'ana alendo awo, tiachuleto, ndi diso loipa. Pansi pa mabenchi anayalapo zitini zogoneka zokhala ndi masamba onyowa. Ine ndikadwala amandiuza kuti ndimwe madzi ambiri, koma kachule kakangochedwa kulira, ankatuluka ndi keni kukathirira. Mvula itabwera kachiwiri tiachuleto tinali tambiri, itabwera kachitatu munthu sunkamvanso wailesi madzulo. Achimwene owotchererawo ankafuula pamwamba pa mpanda kuti, "Madala, tawauzani oimbira mpira anuwo kuti masewera anatha kalekale!" Bambo ankaseka mpaka kutsokomola. Kunena zoona, chimwalirireni Amayi ndinali ndisanawamve akuseka choncho, ndiye ndinangoti asiyeni, aliyense ali ndi kake komutonthoza.

Tsoka linalowera ku hotela yaikulu ya pamsewu wopita kubwalo la ndege, yomwe inagula zomera zambiri kwa ife chaka chatha. Tinasangalala nayo oda imeneyo, mukukumbukira ndinakuuzani. Mvula itayamba, alendo awo anayamba kudandaula kuti sakugona ndi mluzu wa m'munda. Wosamalira maluwa wa kumeneko anagwira kachule kamodzi, bwana wake anakajambula, chithunzi chinayenda m'manja mwa anthu mpaka chinafika kwa mayi wina wa ku yunivesite amene ntchito yake yonse ndi achule. Inde, Achemwali, alipo anthu otero, ndipo amalipidwa. Anafika kwathu masana ena mvula itangokata, atavala majombo a mphira ofika m'mawondo, chikwama kumsana. Ine ndinamutcha Mayi Majombo nthawi yomweyo. Ndikanakonda akanakhala munthu wamwano kuti ndizimuda bwinobwino, koma ndi munthu waulemu, wolankhula motsitsa.

Bambo anamulandira ngati mlendo wochokera kumwamba. Anandituma tiyi, m'makapu a maluwa aja amene sitimwera ife eniake. Mayiyo akumwa, anaona chithunzi chanu chili pakhoma, mutavala zoyera, nyanja ili kumbuyo.

"Mwana wanu ameneyu, bambo?"

"Woyamba ameneyo. Namwino. Ali kutsidya kwa nyanja, pachilumba," anatero Bambo, n'kutchula dzina la kwanuko mokoka, monga amachitira akafuna kuti munthu amve bwino.

Mayi Majombo anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Ine sindinaone kanthu pamenepo. Ndinangoti mwina tiyi watentha.

Tinapita naye kumbali ya mthunzi. Sanavutike kusaka, Bambo anangotembenuza chitini chimodzi, atatu ali neng'a. Anagwira kamodzi n'kukaika m'kathumba ka pulasitiki koonekera, n'kukayeza ndi karula kakang'ono. Kenako anandiitana kuti ndione zala zake pagalasi lokulitsa zinthu. Anati achule a m'mitengo a kuno amakhala ndi kachikopa pakati pa zala za kumapazi, kosambirira, koma aka zala zake zinali zotayana ngati za munthu. Anafunsa ngati tinaonapo mbululu m'migolo ya madzi. Ndinati ayi, ndipo ndinali ndisanaganizepo kuti achule onsewa akuchokera kuti popanda mbululu ngakhale imodzi. Pamenepo anapatula masamba ouma kutsinde kwa chinanazi cha Amayi, n'kutionetsa timazira tooneka ngati mikanda yagalasi. M'kati mwa dzira lililonse munali kachule kathunthu, katapinda miyendo, maso ali bii.

"Awa safuna dziwe," anatero. "Amaswa ali achule kale. Duwa limodzi lonyowa lingawanyamule ulendo wautali osafa."

Dzuwa litapendeka, woyamba analira. Mayiyo anatulutsa kamakina kake n'kutiikira mawu a kachule kena amene anali nawo kale. Achemwali, sunakanasiyanitsa. Athuwo anayamba kuyankha makinawo, nazale yonse inangoti tyo-wii, tyo-wii, ndipo Bambo nkhope inali ngwee ngati mwana wawo wakhoza mayeso. Mayiyo ndiye sanamwetulire. Anafunsa kuti, "Kupatula hotela ija, zomera za kumbali ino munagulitsanso kwa ndani?"

"Kugulitsa?" anatero Bambo. "Izi sindigulitsa, mayi. Ndimangopatsa. Aliyense wogula bwino ndimamuikira kamphukira kamodzi ka chinanazichi kaulere, ndipo ndimasankha komwe muli alendo. Kusukulu ya ana ndinapereka, kuchipatala, kubanki, ngakhale kupolisi kuli kawo. Ndimafuna tauni yonse izimva."

Ndinawaponda phazi mwamphamvu, koma mawu anali atatuluka kale. Anandiyang'ana n'kuti, "Iwe, ukundipondera chiyani?" Mayi Majombo anangotseka maso.

Anatenga kachuleko kukakayeza bwino kuntchito kwake, ati amafuna kutsimikiza, ndipo anati akupemphera kuti akhale atalakwitsa. Sanalakwitse. Patapita masabata angapo tinaitanidwa ku ofesi yoona za zomera ndi nyama zolowa m'dziko. Ndi chipinda chopapatiza cha m'mwamba, fani yake imazungulira koma mphepo sikufika pa munthu. Munali mkulu wa ofesiyo, bambo wa tayi wosayang'ana munthu kumaso, ndi Mayi Majombo atakhala pakona, tsiku limenelo atavala nsapato wamba. Anatiwerengera dzina la kachuleko, lalitali, lachilatini, ndalephera kulilemba. Anati si kakuno, ndipo sikanayambe kapezekapo m'dziko muno. Anati kuno kalibe mdani woti n'kukadya, kamaswana ngati nyerere, kamatha tizilombo timene mbalame ndi achule a kuno amadya, ndipo kakangofika m'nkhalango palibenso amene angakachotse. Kenako mayiyo anatembenuza kompyuta kuti tione mapu a kwawo kwenikweni kwa kachuleko.

Dziko lonse linali loyera pamapupo. Pofiira panali pamodzi pokha, kadontho pakati pa nyanja. Ine sukulu sindinapite nayo patali ngati inu, koma kadontho kameneko ndimakadziwa. Ndi komwe Bambo anakazunguliza ndi bolopeni pamapu a kukhitchini chaka chimene munachoka, pomwe pepala linachita kuda ndi chala chawo.

Mutu unaima, Achemwali. Ndinakuonani mutagwada pabalaza tsiku lomwe munafika pamaliro a Amayi, mukutsegula sutikesi maso ali otupa. Munatulutsa nsapato ya alamu, m'kati mwake muli kathaulo konyowa, m'kathaulomo muli kamphukira ka chinanazi chija. Munati Amayi analiona duwali pachithunzi cha pakhonde panu n'kukupemphani kuti mudzawatengere, ndipo munali mutalonjeza. Munati pabwalo la ndege mtima unali m'mwamba, koma ofufuza katundu sanatsegule sutikesiyo. Tonse tinaseka uku tikulira, ndipo Bambo analibzala tsiku lomwelo.

Bambo wa tayi uja analankhula mosazungulira. Anati munthu amene analowetsa chomera chamoyo m'dziko mobisa ali ndi mlandu, dzina lake limaperekedwa kumalire, ndipo tsiku limene adzapondenso pabwalo la ndege adzamugwira. Anati Bambo akangotchula amene anawapatsa duwalo, iwo adzaonedwa ngati munthu wopusitsidwa, nazale idzatsukidwa, chiphaso adzasunga. Akapanda kutchula, mlandu wonse ugwera iwo.

"Ndiye duwali munalitenga kuti, madala?"

"Ndinagula kwa munthu wodutsa panjinga," anatero Bambo.

"Dzina lake?"

"Sindinafunse."

"Nkhope yake?"

"Ndakalamba, bwana. Nkhope za anthu zimandisokonekera."

Bambo amene amakumbukira munthu amene anagula mbande ya mandimu ine ndisanabadwe! Bwanayo anatembenukira kwa ine. "Nanga inu, chemwali, mumagwira nawo ntchito. Mukudziwapo kanthu?"

Sindikubisirani, dzina lanu linafika pa lilime. Ndinaganiza kuti inu muli kutali, muli ndi ntchito, nyumba, mwamuna, ana. Mukanangosiya kubwera, basi. Ine ndili ndi chiyani kupatula machubu a dothi ndi wilibala ya tayala lophwa? Ndinatsegula pakamwa, ndipo nthawi yomweyo chidendene cha Bambo chinatera pa phazi langa, monga momwe ine ndinawapondera paja. Sanandiyang'ane n'komwe. Ndinayang'ana kwa Mayi Majombo, amene anamwa tiyi wathu pansi pa chithunzi chanu n'kumva dzina la chilumbacho ndi makutu ake. Anali akuyang'ana nsapato zake. Ndinati, "Sindikudziwa kanthu, bwana." Kamlomo wanu anakhala chete koyamba chibadwire, ndipo bwanayo anatenga chiphaso n'kuchiponya m'dirowa.

Pa siteji ya basi ndiye ndinaphulika. Anthu ankatiyang'ana koma sindinasamale. Ndinati, "Bambo, inu munthu wodziwa zomera moyo wanu wonse, munaona kanthu kachilendo, m'malo mokapha munakamangira nyumba! Munakagawa tauni yonse ngati maswiti! Munaganiza chiyani? Tidya chiyani tsopano, mluzu?" Ndinanena zambiri, zina sindingazilembe. Iwo anangokhala pabenchi, chipewa pamaondo. Nditatopa, anapisa m'thumba, anatulutsa foni, n'kuyamba kusaka. Anandipatsa n'kuti, "Tamvera."

Unali uthenga wanu wakale, umodzi mwa aja mumajambula madzulo mukaweruka. Munkanena za odwala, za kukwera mtengo kwa zinthu, za mwana amene wathyola dzino. Ndinati, "Ndinaumva kale uwu."

"Usamvere iyeyo," anatero. "Mvera kumbuyo kwake."

Achemwali, kanali komweko. Kumbuyo kwa mawu anu, pakhonde panu, mukamapuma kuti mumeze malovu: tyo-wii, tyo-wii. Mauthenga anu onse ndakhala ndikuwamva, koma ine ndimamvera nkhani. Iwo ankamvera malo amene mwakhala.

"Ndinakazindikira tsiku loyamba lomwe," anatero. "Sindinafune mayi wa yunivesite kuti andiuze kwawo. Mayi ako anapita, mkulu wako ali kutsidya, ine ndege sindidzakwera. Koma madzulo ndikakhala pakati pa mabenchi paja n'kutsinzina, ndimakhala ndili pakhonde pake. Ndimangodikira kuti atuluke ndi tiyi."

Basi inabwera, inadzaza, inapita. Ife tinakhalabe pomwepo. Ndinafuna kuwafunsa kuti nanga ine, amene ndimatuluka ndi tiyi tsiku lililonse, koma ndinameza. Si nsanje, Achemwali. Kapena ndi nsanje, sindikudziwa.

Anabwera Lolemba lotsatira, amuna ovala maovolosi oyera, ndi thanki ya madzi otentha pa lole ndi mapampu a mankhwala onunkha ngati mandimu owola. Zomera za kumbali ya dzuwa anazisambitsa madzi otentha, ndipo zambiri zinafota m'masiku ochepa. Za kumbali ya mthunzi sanataye nazo nthawi. Anaziunjika pabwalo pomwe timasakanizira dothi, mabenchi omwe, ukonde wa mthunzi womwe, n'kuthira mafuta. Chinanazi cha Amayi chinali chitakula, chili ndi ana ndi zidzukulu, ndipo munthu mmodzi sanathe kuchinyamula. Bambo anavula jekete n'kumuthandiza kugwira mbali inayo. Zomera zaziwisi sizipsa msanga, zimangofuka, ndipo utsi wake unakhala m'makatani sabata yonse. Amuna a maovolosiwo anapitanso kusukulu, kuchipatala, kubanki ndi kupolisi. Anthu amene ankationa n'kutiimika panjira kufunsa za maluwa awo pano amawoloka msewu. Mayi wa kusukulu ya ana anabwera yekha kudzatiuza kuti munda umene anabzala ndi ana auzula wonse, ndipo analankhula ataima kunja kwa geti.

Madzulo a Lolemba limenelo kunali zii. Sindinkadziwa kuti bata limalemera chotero. Achimwene owotcherera anasuzumira pampanda, ndikuganiza kuti anali ndi nthabwala yawo, koma ataona Bambo atakhala pa ndowa yovundikira pakati pa phulusa, anangobwerera.

Mayi Majombo anali atabwera nawo amuna a maovolosi aja, ndipo asanapite ananditengera pambali. Anati adzibwera ndi makina ake kudzamvetsera, ndipo mvula yonse ikatha mluzu osamveka ngakhale kamodzi, adzatilembera umboni kuti Bambo akapemphenso chiphaso. Anati sakulonjeza kuti adzapatsidwa. Ine ndinagwira mawu amenewo ndi manja awiri, chifukwa panalibenso china chogwira. Ndinayamba kusesa phulusa, kutsuka miphika imene inatsala, kudzaza machubu ndi dothi latsopano ngati munthu wopenga.

Kenako Bambo anayamba kukonda wailesi. Dzuwa likangopendeka ankaitsegula mpaka kumapeto, nyimbo zimene sanazikondepo, ngakhale malonda a sopo. Ankasambanso madzulo, nthawi yaitali, iwo amene amasamba m'mawa chibadwire. Tsiku lina magetsi anazima wailesi ili pakati pa nyimbo. M'bata limenelo, kuchokera kubafa, ndinamva: tyo-wii. Kamodzi kokha. Bambo anayamba kutsokomola mokweza, chifuwa chabodza, ndipo ndinachita ngati sindinamve.

M'mawa atapita kukagula buledi ndinalowa kubafa. Kuseri kwa ndowa kunali chitini cha mkaka chobowola pachivundikiro, m'kati muli masamba onyowa ndi nyerere zimene anachita kutola. Kanali kamodzi, kakang'ono kuposa ena onse, kakundiyang'ana ndi maso agolide aja, pakhosi pakugunda. Ndinakhala pansi pa simenti nthawi yaitali. Mayi Majombo anali atandiuza kuti amene amalira ndi amphongo okha, poitana akazi. Aka kankaitana ndani? Akazi onse a mtundu wake amene anatsala ali kutsidya kwa nyanja. Koma makina aja akanakamva, ndipo chiphaso chikanapita mpaka kalekale. Ndinakaika m'botolo ndi masamba ake omwe, ndinakwera basi, ndinakapereka ku yunivesite. Ndinati ndakapeza m'ngalande. Mayiyo anayang'ana nyerere zimene zinali m'botolomo, sanafunse. Anati pokapha sikamva kuwawa. Pa shelefu yake ndinaona kaja anatenga koyamba, kali m'kabotolo ka mankhwala, katatambasula manja, ndipo pakapepala pake panalembedwa dzina la chilumba chanu. Kameneko ndiye kanabwerera kwawo, papepala.

Madzulo Bambo analowa kubafa. Sanachedwe. Anatuluka ndi chitini, anachitsuka pampopi, anachivundikira pawindo kuti chiume, n'kupita kukatseka wailesi. Ndinali nditakonzeka kuti andikalipire, ndipo ndinkafuna kuti atero. Anangoti, "Wachita bwino, mwanangu. Ndiwe wanzeru." Kenako anandigwira dzanja pakhomo la bafa pomwepo n'kuti, "Mkulu wakoyo asamve. Adzaopa kubwera." Akanandimenya mbama bwenzi pano nditachira.

Ndipo zonsezi ndinazichita pachabe. Sabata yatha mwini malo anabwera ndi munthu wina wa tepi yoyezera. Mukudziwa kuti nyumba ndi yathu koma bwalo la nazale ndi lobwereka. Anati wamva chisoni kwambiri, koma sangasunge malo a phulusa mpaka mvula ithe poyembekezera chiphaso chimene mwina sichibwera, ndiye wawapereka kwa munthu wotsuka galimoto. Ayamba kuthira simenti mwezi wa mawa. Bambo anamuthokoza chifukwa cha zaka zonsezi, anamuperekeza mpaka pamsewu. Machubu amene ndinadzaza aja ali mundandanda kuseri kwa nyumba, ndipo mwamera udzu.

Bambo sakudwala, musachite mantha. Akudya, ngakhale pang'ono. Amadzukabe m'mamawa n'kudzaza keni, kenako amaima nayo pakhomo, n'kuithira pa mpanda. Ine ndikufunsira ntchito m'sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza, koma mwini wake atamva kuti ndine mwana wa madala a achule anati ndidzabwerenso. Ndi dzina lathu limenelo tsopano. Sindikuona kumene tikulowera, Achemwali, ndipo sindikunamizani kuti zikhala bwino.

Kalata yoyamba ndinailemba ndi mkwiyo, ndinaing'amba. Simunalakwe mwadala. Munasunga lonjezo kwa munthu amene sanathe kudikira, ndipo ine ndinali pomwepo, ndinaseka nawo, kathaulo kaja ndinachapa ndine. Dzina lanu silinalembedwe paliponse. Disembala bwerani ndithu monga munanenera, palibe amene adzakugwireni. Mudzangoyenera kudabwa pageti ngati munthu amene sanamve kanthu, ndipo Bambo adzakuuzani kuti anatopa n'kupuma pantchito. Mudzavomere. Musadzabweretse chilichonse chokhala ndi muzu.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi ili lokha. Musatumize kanthu, sadzalandira, ndipo adzadziwa kuti ndalankhula. Mauthenga anu a masiku ano mumajambulira m'galimoto pochokera kuntchito, mawindo otseka. Amawamvera kamodzi n'kubweza foni m'thumba, kenako amabwerera ku akale aja, omwewomwewo, mpaka ndawaloweza. Chonde, mukafika kunyumba madzulo, makamaka mvula ikagwa, tulukani pakhonde. Nenani zilizonse, za bondo, za ana, za odwala ovuta. Koma musafulumire monga mumachitira. Mukanena chiganizo chimodzi, khalani kaye chete ngati mwaiwala chimene mumafuna kunena, chala chili pabatani. Akadzafunsa, ndidzati mkulu wangayo wayamba kukalamba.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwauze kuti nsapato yawo inayo ikadali pansi pa bedi la Amayi. Ana muwapsompsone. Achimwene owotcherera akupereka moni, mphaka wanenepa. Bambo sakupereka moni chifukwa sakudziwa kuti ndalemba. Pano ali panja, akhala pa ndowa ija, dzuwa likupendeka, foni ili m'manja.

Ndine mng'ono wanu,
Kamlomo